Kuwongola Mano Mpoyamba

Pali mawu amene amamveka kawirikawiri m'midzi mwathu mwana wamng'ono akabowoka dzino: "Musadandaule, limenelo ndi laubwana, likachoka limera lina." Mawuwa amawanena agogo, amawanena amayi, ndipo nthawi zina amatuluka ngakhale m'kamwa mwa anthu amene anapita kusukulu. Mbali imodzi ndi oona, pakuti dzino lina limameradi. Koma funso limene timaiwala kudzifunsa ndi lakuti: kodi likamadzamera, lidzapeza malo ake alipo? Dzino laubwana likachoka nthawi yake isanakwane, anzake amasendera pamalo pake, ndipo lobwera m'mbuyo limasowa pomera. Mapeto ake limatulukira pamwamba pa nkhama, kapena m'kati chakulilime, kapena limatsekeredwa m'fupa osatuluka n'komwe.

Maganizo anga ndi akuti kwa ife a m'boma la Phalombe, ntchito yaikulu yowongola mano ili m'manja mwa makolo, ndipo nyengo yake ndi pamene mwana asanakwanitse zaka 12. Mawaya owongolera mano alipo ndithu, ndipo ndifotokoza m'mene amagwirira ntchito. Koma mayi wa ku Nkhulambe kapena bambo wa ku Nambazo ayenera kudziwa kuti zambiri zimene mawayawo amakonza ku Blantyre ndi ndalama zochuluka zikanatha kupewedwa kapena kuchepetsedwa pakhomo, ndi mswachi ndiponso maso a kholo.

Mano aubwana ndi mano achikulire

Munthu amamera mano kawiri pa moyo wake. Mano aubwana alipo 20. Loyamba limaoneka mwana ali ndi miyezi 6 kapena kupitirira pang'ono, ndipo pofika zaka zitatu onse amakhala atatuluka. Ana ena amafulumira, ena amachedwa. Ena amayamba ndi akumunsi, monga zimakhalira nthawi zambiri, pamene ena amayamba ndi akumwamba, ndipo zimenezo si malodza ayi. Pansi pa dzino lililonse laubwana, m'kati mwa fupa la nsagwada, mumakhala mukukula dzino lachikulire limene lidzalowe m'malo mwake. Likamakula limadya muzu wa dzino laubwana pang'onopang'ono, mpaka laubwanalo limagwedera ndi kugwa lokha. Mano achikulire akakwanira amakhala 32.

Tsono pali zinthu ziwiri zimene makolo ambiri sazidziwa. Choyamba n'chakuti mano aubwana sagwa nthawi imodzi. Akutsogolo amagwa mwana ali ndi zaka 6 mpaka 8, nthawi imene timamuseka kuti ali ndi magweru. Koma akumbuyo, otafunira aja, ayenera kukhala m'kamwa kufikira zaka 10 mpaka 12. Motero dzino lakumbuyo limene lazulidwa mwana ali ndi zaka 5 lachoka kutatsala zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi kuti ntchito yake ithe.

Chachiwiri n'chakuti pa zaka 6 pamamera dzino lalikulu lotafunira kumbuyo kwenikweni kwa mano onse aubwana, mbali zonse zinayi za m'kamwa. Limeneli silichotsa linzake pomera, limangotuluka mwakachetechete, kotero makolo amaliyesa laubwana. Komatu ndi lachikulire, ndipo likawonongeka palibe lina lodzalowa m'malo mwake. Dzino limeneli lili ngati mzati wa pangodya pa nyumba. Likaima pamalo ake, ena onse amatsata mzere wabwino. Likasendera kutsogolo chifukwa choti laubwana limene linalitchinga lachotsedwa, malo a mano obwera pambuyo amachepa.

Dzino limayenda

Anthu ambiri amaganiza kuti dzino linakhomeredwa m'fupa ngati msomali m'thabwa. Si choncho. Pakati pa muzu wa dzino ndi fupa pali timinyewa tating'onoting'ono timene timagwira dzinolo, ndipo fupa lozungulira muzuwo ndi lamoyo. Dzino likamakankhidwa pang'ono koma kosalekeza, fupa la mbali imene likulowera limasungunuka, ndipo la mbali imene likuchokera limamangika latsopano. Mwa njira imeneyi dzino limasuntha, pafupifupi milimita imodzi pa mwezi.

Lamulo limeneli ndi limodzi, kaya dzino likupita kolakwika kapena likubwerera koyenera. Chala cha mwana chimene chimakhala m'kamwa usiku wonse chimagwira ntchito yofanana ndi ya waya wa dokotala, kungoti chalacho chimakankhira mano kunja pamene waya amawabwezera m'mzere. Amene wamvetsa mfundo imeneyi wamvetsa chiyambi cha mano ambiri okhota ndiponso mankhwala ake.

Zimene zimakhotetsa mano

Tiyenera kunena zoona kuti chifukwa chachikulu ndi chibadwa. Mwana akhoza kubadwa ndi nsagwada yaing'ono koma mano akuluakulu, ndipo manowo amapanikizana ngati anthu ochuluka pa benchi yaifupi. Wina amabadwa ndi nsagwada yakumunsi yotsogola, wina yobwerera m'mbuyo. Zimenezi zimayenda m'mabanja, ndipo palibe kholo limene liyenera kudziimba mlandu chifukwa cha izo.

Koma pali zifukwa zina zimene zili m'manja mwathu. Choyamba ndi kutaya mano aubwana msanga chifukwa cha kubowoka, monga ndanena kale. Chimene chimabowola mano ndi shuga. Tizilombo tosaoneka ndi maso timene timakhala m'litsiro lomata m'mano timadya shugayo ndi kutulutsa asidi, ndipo asidiyo ndi amene amadya dzino. Maswiti, mabisiketi, mafilizesi ndi zakumwa za m'mabotolo, zimene kale zinali za pa Khirisimasi, lero zikupezeka pa msika wa Migowi, pa Chiringa ndi pa zipata za sukulu tsiku ndi tsiku. Choopsa kwambiri ndi kubwerezabwereza. Mwana amene amamung'unya switi imodzi m'mawa, ina pa nthawi yopuma, ina pobwerera kunyumba amawononga mano kuposa amene wadya zitatuzo nthawi imodzi atangomaliza nsima.

Chachiwiri ndi kuyamwa chala. Kwa khanda chimenechi n'chachibadwa, ndipo ana ambiri amasiya okha asanakwanitse zaka 4. Koma chizolowezichi chikapitirira mpaka nthawi yomera mano achikulire, mano akumwamba akutsogolo amatulukira kunja, akumunsi amagonera m'kati, ndipo pakati pawo pamatsala mpata ngakhale mwanayo atatseka pakamwa. Chachitatu ndi dzino laubwana lokana kugwa, limene limapatutsa lachikulire. Chachinayi ndi kupumira pakamwa nthawi zonse chifukwa cha mphuno zotsekeka kapena zotupa za kukhosi. Mwana wogona kukamwa yasaa ndi kuliza mkonono usiku uliwonse ayenera kuonedwa kuchipatala.

Akuluakulu nawonso mano awo amakhota. Munthu akazulitsa dzino lakumbuyo, loyandikana nalo limapendekera pa mpatawo, ndipo la nsagwada inayo, limene linkagundana nalo, limatalika chifukwa chosowa lolitchinga. Matenda a nkhama nawonso, akadya fupa logwira mizu, amachititsa mano akutsogolo kutayana ndi kugwedera. Munthu wamkulu amene mano ake anali bwino koma ayamba kutalikirana asaganize za mawaya. Aganize za nkhama zake, ndipo apite kuchipatala msanga.

Kodi mano okhota ndi matenda?

Wina anganene kuti nkhani imeneyi ndi ya anthu a m'tauni ofuna kukongola pa chithunzi, ndipo kuti munthu wolima nandolo ndi mpendadzuwa ali ndi mavuto aakulu kuposa amenewa. Mawu otere ali ndi nzeru yake. Dzino lokhota pang'ono si matenda. Munthu amene amatsuka m'kamwa bwino ndi kupewa shuga akhoza kukalamba ndi mano ake okhota onse ali amphumphu, pamene wa mano oongoka bwino koma wosasamala amawataya. Mpata wa pakati pa mano awiri akutsogolo, umene ambiri kwathu kuno amauona kuti ndi kukongola, kawirikawiri sufuna mankhwala alionse.

Komabe pali kukhota kumene kumavulaza, ndipo m'pofunika kukuzindikira. Mano akasanjikizana, pakati pawo pamakhala timakona timene mswachi sufika mosavuta. Litsiro limaunjikana mmenemo, limauma n'kukhala ngati mwala, ndipo nkhama zimafiira, kutupa ndi kutuluka magazi, matenda amene timawatcha chiseyeye. M'kamwa mumanunkha. Munthu wa mano otere ayenera kulimbikira kutsuka kuposa anzake.

Mano akumwamba otulukira kunja kwambiri, amene milomo siwaphimba, ali pa ngozi ina. Mwana akagwa pa njinga, pa mpira kapena mumtengo wa mango, amenewo ndi amene amayamba kugunda pansi. Madokotala anapeza kuti ana a mano otere amathyoka mano akutsogolo mowirikiza pafupifupi kawiri kuposa ana anzawo. Palinso ana amene akatseka pakamwa mano akumunsi amabaya nkhama zakumwamba mpaka kuchita zilonda. Ena dzino limodzi lakumwamba limagwera kumbuyo kwa lakumunsi, kotero awiriwo amaperesana, ndipo nkhama ya lakumunsilo imatsika n'kusiya muzu poyera. Enanso mano awo akutsogolo sakumana n'komwe, moti kuluma chimanga chootcha kapena kusenda nzimbe kumawavuta, ndipo mawu ena satuluka bwino polankhula.

Tisaiwalenso za mumtima. Mwana amene anzake amamutcha maina chifukwa cha mano ake amaphunzira kuseka atagwira pakamwa, ndipo m'kalasi amaopa kuimika dzanja ngakhale yankho akulidziwa. Bala limenelo silioneka, koma likhoza kumubweza m'mbuyo pa maphunziro. Makolo ndi aphunzitsi sayenera kulekerera chipongwe chotere, ndipo iwo eni asamayambitse maina amenewo.

Njira zowongolera mano

Luso lowongola mano si lachilendo. M'chaka cha 1728 dokotala wa ku France, Pierre Fauchard, analemba za kachitsulo kopindika kamene ankamangirirako mano ndi ulusi kuti alowe m'mzere. M'chaka cha 1899 dokotala wa ku America, Edward Angle, anagawa kusakumana bwino kwa mano m'magulu atatu amene akugwiritsidwabe ntchito mpaka lero: gulu limene mano akumbuyo amakumana bwino koma ena ndi opanikizana kapena okhota, gulu limene akumwamba atsogola, ndi gulu limene akumunsi atsogola. Dokotala amayamba wadziwa gulu la munthuyo, ndipo nthawi zambiri amajambula nsagwada ndi X-ray, asanasankhe chochita.

Njira yoyamba ndi kudikira, pamene dokotala waona kuti n'koyenera. Pa zaka 8 mpaka 10 mano akumwamba akutsogolo amaoneka aakulu, otayana ndi osakongola, koma kawirikawiri amayandikana okha mano osongoka aja akamera pa zaka 11 kapena 12. Chimodzimodzinso dzino lachikulire lakumunsi likamera kumbuyo kwa laubwana: laubwanalo likagwa, lilime limakankhira latsopanolo pamalo pake.

Njira yachiwiri ndi kuzula pa nthawi yake dzino laubwana limene lakana kugwa, kapena dzino lapadera limene lamera mopitirira chiwerengero. Imeneyi ndi ntchito yaing'ono, koma ikachitika nthawi yabwino imatsegula njira kuti lachikulire lidzipezere lokha malo ake. Njira yachitatu ndi kachitsulo kosunga malo, kamene amakaika pa mpata wa dzino laubwana lochoka msanga kuti anzake asasenderepo. Njira yachinayi ndi kachipangizo kapulasitiki kovala ndi kuvula, kokhala ndi timawaya, kamene kamathandiza kukankha dzino limodzi kapena awiri, kapena kukulitsa nsagwada yakumwamba mwa mwana amene akukulabe.

Njira yachisanu ndi mawaya omata aja amene m'tauni amawatcha braces. Dokotala amamata kachitsulo kakang'ono pa dzino lililonse, ndipo amadutsitsa waya wopyapyala pa tizitsulo tonseto. Wayayo amafuna kubwerera m'maonekedwe ake, ndipo pochita zimenezo amakoka mano pang'onopang'ono. Ngati malo ndi ochepa kwambiri, mano ena achikulire amazulidwa kuti otsalawo akwane. Ntchitoyi imatenga chaka chimodzi ndi theka kapena ziwiri, nthawi zina zitatu, ndipo munthuyo amayenera kubwerera kwa dokotala pakatha milungu 4 mpaka 8 iliyonse. Nthawi yabwino kwambiri ndi pamene mano achikulire angomaliza kumera, cha m'ma zaka 12 mpaka 14, ngakhale kuti munthu wamkulu wa nkhama zabwino akhozanso kuthandizidwa. Masiku ano kulinso timapulasitiki toonekera tovala pa mano, timene amatisintha pakapita sabata imodzi kapena awiri, koma mtengo wake ndi wokwera. Pamene vuto lili m'mafupa a nsagwada enieniwo, mawaya paokha sakwanira, ndipo pamafunika opaleshoni munthu atamaliza kukula.

Pali zinthu ziwiri zimene aliyense wofuna mawaya ayenera kuuzidwa poyera. Mawaya amasunga zakudya, kotero munthu wosatsuka bwino amadzawachotsa mano ali oongoka koma a mawanga ndi obowoka. Ndipo mano owongoledwa amafuna kubwerera kumene anali, choncho pambuyo pake munthu amavala kachipangizo kogwira manowo, makamaka usiku, kwa zaka zambiri.

M'mene zinthu zilili kwathu kuno

Tsono tiyang'ane boma lathu. Phalombe anakhala boma payekha m'chaka cha 1998, atachoka ku Mulanje, koma kwa zaka zambiri analibe chipatala chachikulu cha boma, ndipo odwala kwambiri ankadalira chipatala cha mishoni cha Holy Family kapena kutumizidwa ku maboma ena. Chipatala cha John Chilembwe ku Migowi chinatsegulidwa m'chaka cha 2022. M'dziko lonse, kufikira chaka cha 2019 kunalibe sukulu yophunzitsa madokotala a mano, ndipo ochepa amene analipo anaphunzira kunja. Chaka chimenecho maphunzirowa anayamba ku College of Medicine, imene tsopano ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences, mothandizana ndi University of Glasgow ya ku Scotland. M'chaka cha 2022 Unduna wa Zaumoyo unakhazikitsa ndondomeko yoyamba ya dziko lino yokhudza umoyo wa m'kamwa. Ntchito yaikulu ya mano m'zipatala za maboma imagwiridwa ndi akatswiri othandiza za mano ophunzitsidwa ku Malawi College of Health Sciences, amene amaona m'kamwa, kutsuka, kumata ndi kuzula.

Zonsezi ndi chitukuko choyamikirika. Koma mawaya owongolera mano amapezeka makamaka m'mizinda monga Blantyre ndi Lilongwe, ndipo kawirikawiri m'zipatala zolipira. Taganizirani banja la kufupi ndi nyanja ya Chilwa kapena kuseri kwa phiri la Michesi. Kuwonjezera pa mtengo wa mawayawo, liyenera kupeza ndalama ya ulendo wa anthu awiri kupita ku Blantyre ndi kubwerera, mwezi ndi mwezi kapena pakatha miyezi iwiri, kwa zaka ziwiri, dzinja ndi chilimwe chomwe. Ndi mabanja angati angakwanitse? Ndiponso kuyamba n'kulekera panjira n'koipa kuposa kusayamba, pakuti mawaya osayang'aniridwa amawononga mano ndi nkhama.

Kafukufuku wa mano wa dziko lonse, amene zotsatira zake zinafalitsidwa m'chaka cha 2016, anapeza kuti mwana mmodzi mwa asanu alionse a zaka 12 mpaka 15 anali ndi dzino lobowoka, ndipo mwa akuluakulu a zaka 35 kupita m'tsogolo anali pafupifupi theka. M'dziko lotere, akatswiri ochepa amene tili nawo adzakhala otanganidwa ndi ululu ndi zotupa kwa nthawi yaitali asanafike pa kuwongola mano a mwana aliyense. N'chifukwa chake ndikunena kuti chowongolera mano chimene banja lililonse la ku Phalombe lili nacho kale ndi dzino laubwana lakumbuyo. Limasunga malo kwaulere, usana ndi usiku, kwa zaka zisanu ndi zitatu kapena kuposerapo. Kulisamala sikuthetsa kukhota kwa chibadwa, koma kumateteza kuti kukhota kochepa kusasanduke kwakukulu.

Njira zoopsa zoyenera kuzikana

Pamene thandizo lili kutali, anthu amafuna njira zachidule. Achinyamata ena amaona pa mafoni anthu akumanga mano awiri ndi labala kapena ulusi kuti atseke mpata. Labalayo amatsetsereka n'kulowa pansi pa nkhama osaoneka, amatsata muzu akudula timinyewa togwira dzino, ndipo mano awiri abwinobwino amagwa. Ena amagula mawaya ongokongoletsa kwa anthu osaphunzira ntchitoyi. Mawaya otere amasuntha mano mopanda chiwongolero, amacheka milomo, ndipo zida zosaphikidwa zikhoza kupatsira matenda.

Kusema dzino lotalika ndi tupa nakonso n'koopsa. Makolo athu akale, pakati pa Alomwe ndi Amang'anja, ankasema mano monga chizindikiro cha kukongola, koma lero tikudziwa kuti chophimba cholimba cha kunja kwa dzino chikachoka sichimeranso, ndipo dzinolo limayamba kuwawa ndi madzi ozizira ndi kubowoka msanga. Kuzula dzino kunyumba ndi ulusi kapena pulayala kumasiya muzu wothyoka m'kati. Dzino logwedera lokha mwana alisewereze ndi lilime mpaka ligwe, koma lolimba ndi la kuchipatala.

Pano ndichenjeze kuti wina asandimve molakwa. Sindikunena kuti dzino laubwana lisazulidwe zivute zitani. Likawola mpaka kuchita mafinya, a zamano akanena kuti lichoke, lichoke, pakuti mafinyawo akhoza kuwononga lachikulire limene lili pansi pake. Mwana wotupa tsaya ndi kutentha thupi apite kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa chotupa cha dzino chikafalikira kukhosi chikhoza kupha. Chimene ndikupempha n'chakuti dzino lisafike pamenepo. Kabowo kakang'ono kakaoneka msanga kamamatidwa, ndipo dzino limapulumuka.

Zimene kholo lingachite

Yambani kutsuka mano a mwana loyamba likangotuluka, kawiri pa tsiku, ndipo nthawi yofunika koposa ndi usiku pokagona. Gwiritsani ntchito mankhwala otsukira mano okhala ndi fuloraidi. Kwa mwana wosakwana zaka 3 apakeni pang'ono ngati njere ya mpunga, ndipo kuyambira zaka 3 akhale ngati njere ya nandolo. Mwana alavule thovu koma asachukuche ndi madzi, kuti mankhwalawo atsale pa mano. Mpaka zaka 7 kapena 8 dzanja la mwana silifika bwino kumbuyo, kotero kholo lizimaliza ntchitoyo. Pamene mswachi wa m'sitolo palibe, kamtengo kotafunidwa bwino kumapeto kamachotsa litsiro, malinga mufike mbali zonse za dzino lililonse.

Yamwitsani mwana bere lokha miyezi 6 yoyamba monga a sikelo amalangizira, ndipo musamugoneke ndi botolo la tiyi kapena madzi a shuga. Chepetsani shuga m'phala. Ndalama ya switi igule nthochi, mtedza kapena chimanga.

Mwana woyamwa chala atapitirira zaka 4 musamumenye kapena kumupaka tsabola. Ana ambiri amatero akatopa kapena akakhala ndi nkhawa, ndipo chilango chimangowonjezera nkhawayo. Muyamikireni tsiku limene sanayamwe, mupatseni chogwira m'manja, ndipo akagona tulo chotsani chalacho mofatsa. Akasiya mano achikulire asanamere, kawirikawiri mano amabwerera okha.

Kamodzi pa mwezi khalani naye padzuwa, ayasamule, ndipo muone. Funani mawanga oyera ngati choko kapena akuda, makamaka pa dzino lalikulu la zaka 6 lija. Kenaka alume, muone ngati akumwamba akuphimba akumunsi pang'ono monga ziyenera kukhalira. Pitani naye kuchipatala ngati dzino lakumwamba lagwera kumbuyo kwa lakumunsi, ngati dzino limodzi lakutsogolo lamera koma linzake la mbali inayo silinaoneke patatha miyezi 6, ngati laubwana lili nji pamene lachikulire latuluka kale kwa miyezi ingapo, kapena ngati nsagwada imakhotera mbali imodzi potseka. Ngakhale palibe chodandaulitsa, m'pabwino kuti a zamano amuone ali ndi zaka 7, pamene mano akale ndi atsopano ali pamodzi. Funsani pa chipatala chanu chaching'ono, adzakuuzani kumene a zamano akupezeka ndi masiku ake.

Dzino lachikulire likazuka pa ngozi, ligwireni kumutu osati kumuzu. Ngati lada litsukeni pang'ono ndi mkaka kapena madzi oyera osalikwecha, libwezereni pamalo pake ngati n'kotheka, kapena liikeni mu mkaka, ndipo thamangirani kuchipatala ola lisanathe. Laubwana likazuka musalibwezere.

Pempho kwa anzathu a zaumoyo ndi aphunzitsi

Amayi a ku Phalombe amabwera ndi ana ku sikelo mokhulupirika, ena atayenda mtunda wautali. Mwana amakwezedwa pa sikelo, amabayidwa katemera, koma nthawi zambiri amabwerera kunyumba popanda amene wamuona m'kamwa. Kukweza mlomo wa mwana ndi kuyang'ana mano ake kumatenga kanthawi kochepa ndipo sikufuna chida. Ndikupempha alangizi a zaumoyo ndi anamwino a ku Mpasa, Chitekesa, Kalinde, Sukasanje ndi zipatala zina zonse kuti chimenechi chikhale chizolowezi, ndipo zimene aona azizilemba m'buku la mwana. Aphunzitsi a Sitandade 1 ndi 2 ali ndi ana a msinkhu weniweni womera dzino la zaka 6, ndipo mawu awo ana amawatengera kunyumba. Akuluakulu a zaumoyo m'boma lino aganizirenso zoti a zamano azifika m'zipatala zing'onozing'ono ndi m'masukulu pa masiku odziwika, atanyamula zida zomatira mano pamodzi ndi zozulira.

Akuluakulu anati kuwongola mtengo mpoyamba, ndipo aliyense amene anabzalapo mtengo amadziwa kuti kamtengo kanthete kamamvera chala pamene mtengo wokhwima umafuna nkhwangwa. Inu amene mukuwerenga nkhaniyi pa benchi ya chipatala mwana ali pamwendo, musadikire kufika kunyumba. Mupempheni ayasamule, muwerenge mano ake, ndipo ngati mwaona kabowo kapena dzino lomera posayenera, uzani a dokotala lero lomwe nthawi yanu yolowa ikakwana.